Fungo la m'chipinda cha dokotala wa mano ndi la mtengo

Aliyense amene anakhalapo pa benchi kudikira kuti amuzule dzino amalidziwa fungo lija. Limakulonjera usanalowe n'komwe m'chipindamo, lakuthwa, lokhala ngati la zokometsera mpunga wa paukwati, ndipo ena akangolimva thukuta limayamba kutsika. Ambiri amaliyesa la mankhwala okolopera. Si choncho. Fungolo ndi la mafuta a clove, timaluwa touma tooneka ngati timisomali, tomwe anzathu olankhula Chiswahili amati karafuu.

Mtengowu kwawo ndi ku zilumba za Maluku ku Indonesia. M'zaka za m'ma 1800, pa ulamuliro wa Sultan Seyyid Said, unadzaza minda ya Zanzibar ndi Pemba, ndipo amene ankalima mindayo anali akapolo. Ambiri mwa iwo anagwidwa kuno kunyanja, n'kuwoloka pa Nkhotakota ulendo wa ku Kilwa. Choncho fungo limeneli si lachilendo kwenikweni kwa ife, muli thukuta la makolo athu.

Mafutawa sawafinya ngati a mtedza. Amawatcheza. Amene anaonapo kachasu akutchezedwa samva zachilendo apa: nthunzi imadutsa m'maluwa kapena m'masamba, imanyamula fungo, imakazizira mumpaipi n'kumadontha, kenako mafuta amamira pansi pa madzi. Mu mafuta a clove, magawo 70 mpaka 90 pa 100 alionse ndi mankhwala otchedwa eugenol. Ameneyu amachititsa dzanzi pamalo powawa komanso amapha tizilombo. Madokotala a mano akamusakaniza ndi ufa woyera wa zinc oxide, pamatuluka phala lomwe limauma n'kulimba, ndipo akhala akumata nalo mano obooka kuyambira m'zaka za m'ma 1800 mpaka lero. Koma mumvetse bwino, kumata kumeneku n'kongoyembekezera. Dokotala amakuuzani tsiku lobwereranso, ndipo amene sabwerera amadzabwera tsaya litatupa.

Botolo la Listerine limene limaoneka m'masitolo akuluakulu nalonso ndi nkhani ya zomera. Analipanga mu 1879 ndi Joseph Lawrence wa ku St. Louis ku America, n'kulitcha dzina la Joseph Lister, dokotala wa ku Britain amene anaphunzitsa anzake kupha tizilombo pochita opaleshoni. Poyamba sanali mankhwala a m'kamwa n'komwe, anayamba kuwatsatsa kwa madokotala a mano mu 1895. Muli zinthu zinayi zomwe chiyambi chake ndi zomera: thymol wa mu thyme, menthol wa mu timbewu tonunkhira, methyl salicylate wa mu wintergreen, ndi eucalyptol, yemwe ndi fungo lomwe lija la masamba a bulugamu amene timafukiza tikagwidwa chimfine. Chodabwitsa n'kuchepa kwake. Zinayi zonsezi mukaziphatikiza sizikwana ngakhale theka la gawo limodzi pa magawo 100. Zotsalazo kwambiri ndi madzi ndi mowa wosungunulira mafutawo, ngakhale masiku ano kulinso wopanda mowa.

Nanga mafuta ochepa chotere amamenya bwanji nkhondo? Kachilombo kalikonse kali ndi kachikopa kokhala ndi mafuta komwe kamasunga zam'kati mwake. Mafuta a zomerawa amalowerera m'kachikopako n'kukabowola, zam'kati zimatayika, kachilombo kamafa. Mdani wodziwika m'kamwa ndi Streptococcus mutans, yemwe J. Kilian Clarke anamulongosola mu 1924. Mdaniyu amadya shuga wotsalira wa tiyi, masiwiti ndi zakumwa zotsekemera n'kutulutsa asidi amene amakokolola dzino pang'onopang'ono. Adani ena amabisala m'mphepete mwa nkhama, n'chifukwa chake munthu amalavula magazi akamatsuka mano. Kafukufuku wotsatira anthu kwa miyezi isanu ndi umodzi wakhala akuonetsa kuti kuchukucha mankhwala a mafuta anayi aja, pamwamba pa kutsuka ndi mswachi, kumachepetsa litsiro lomata pa mano ndi kutupa kwa nkhama. Chlorhexidine, amene madokotala amamudalira kwambiri, amaposa pochotsa litsirolo, koma ukamugwiritsa ntchito nthawi yaitali mano amada ngati a munthu wa fodya wa chingambwe.

Kumbali ya mafangasi ndiye kumene nkhaniyi imatikhudza kwambiri. Candida albicans amakhala m'kamwa mwa anthu ambiri osavuta aliyense, koma chitetezo cha m'thupi chikatsika amachulukana n'kuyala zoyera pa lilime ndi m'masaya ngati chambiko. Amavutitsa makanda, okalamba ovala mano oikirira, odwala shuga, ndi anthu amene ali ndi HIV. Amene anadwazika matenda ma ARV asanafike akukumbukira mmene odwala ankakanikira kumeza ngakhale phala. Mankhwala ake ndi nystatin kapena fluconazole, koma fangasiyu nthawi zina amafika posamvanso fluconazole. Apa m'pamene ofufuza anatembenukira ku tea tree, mtengo wa ku Australia wotchedwa Melaleuca alternifolia, umene ulibe ubale uliwonse ndi tiyi wa ku Thyolo. Mu 1998 madokotala a ku Detroit anafalitsa zotsatira za odwala Edzi ochepa amene fluconazole anali atawakanika. Atawapatsa mankhwala ochukucha a tea tree, angapo anapezako bwino. Koma anali anthu ochepa kwambiri, moti mpaka lero mafutawa sanalande malo a mankhwala a kuchipatala.

Ine ndimakayika ndikamva wogulitsa akulengeza kuti "ofufuza atsimikiza". Atsimikiza kuti? Zambiri zimene zimalembedwa za mafuta a sinamoni, a thyme kapena a udzu wa mandimu zinachitikira m'kambale ka mu labotale, momwe tizilombo tili pambalambanda, mafuta akukhala nato usiku wonse. M'kamwa si m'kambale. Muli mitundu ya mabakiteriya yoposa 700, ina yothandiza. Malovu amatsuka mankhwala m'mphindi zochepa. Tizilombo tomweto timamanga mudzi wawo pa dzino, wokutidwa ndi zonanda zomwe mankhwala amavutika kudutsa, ndipo chimene chimaphwasula mudzi umenewo ndi mswachi, kaya wa m'sitolo kaya wa kamtengo. Onjezani apo kuti mafuta a mtengo womwewo amasiyana mphamvu potengera dothi, nyengo ndi katchezedwe, ndiye botolo la lero silifanana ndi la mawa.

Mawu akuti "zachilengedwe" asatinamize. Mafuta a clove osasungunula amawotcha nkhama mpaka kusiya chilonda. Mwana akamwa ngakhale masipuni ang'onoang'ono awiri, chiwindi chake chikhoza kuwonongeka. Tea tree sayenera kumezedwa. Mafuta a wintergreen aphapo ana amene anawapeza pashelefu. Ngakhale dokotala amasamala naye eugenol, chifukwa amalepheretsa zomatira mano zoyera zamakono kuuma bwino.

Bungwe la WHO linati mu 2022 anthu pafupifupi 3.5 biliyoni padziko lapansi anali ndi matenda a m'kamwa. Ku Malawi maphunziro a digiri ya udokotala wa mano anayamba mu 2019, mothandizana ndi University of Glasgow, ndipo madokotala akadali ochepa, makamaka kumidzi. N'zomveka kuti munthu dzino likamuyamba pakati pa usiku amagwira chilichonse chili pafupi. Kadontho ka clove kosungunula ndi mafuta ophikira, pa kathonje, kangamugoneke mpaka tambala woyamba. Koma bowo likadali pompo, ndipo ululu ukaleka wokha nthawi zambiri ndiye kuti mtsempha wa dzinolo wafa, mafinya ayamba kusonkhana kumizu.

Mukaona tsaya latupa, thupi latentha, kapena zoyera pa lilime zatha sabata osachoka, siyani botolo la mafuta, kukacha mulawirire kuchipatala.