Mwana, mowa ndi ulendo wobwerera kunyumba: mafunso a makolo

Mwana wanga ali ndi zaka 13 zokha. Ndikayamba kumuuza za mowa, kodi sindikhala ndikumuphunzitsa kumwa?

Ayi. Pa msinkhu umenewo amadziwa kale pakhomo pamene amatcheza kachasu, amadziwa mtengo wa kabotolo, ndipo angakutchulireni mnzake amene amalowa m'kalasi akununkha. Amene simunayambe kulankhulapo ndinu nokha. Lamulo la Malawi limaletsa kugulitsa mowa kwa wosakwana zaka 18, koma pa kagolosale ka m'mudzi ndani amafunsa chiphaso? Zambia inaletsa masacheti a mowa otchedwa tujilijili mu 2012, Malawi n'kuletsa masacheti mu 2015, koma mowa womwewo unabwerera m'timabotolo totchipa, tolowa bwinobwino m'thumba la yunifolomu.

Nanga zaka zili ndi kanthu kanji, poti adzamwabe akakula?

Zili ndi kanthu. Mbali yakutsogolo ya ubongo, imene imayeza zinthu ndi kumugwira munthu kuti asapupulume, imakhwima mochedwa, cha m'ma zaka 25. Mowa umafooketsa mbali yomweyo. Ofufuza apezanso mobwerezabwereza kuti woyamba kumwa asanakwanitse zaka 15 ndiye amagwa msanga m'uchidakwa kusiyana ndi woyamba atakula. Ndiye ngakhale mutangomuchedwetsa zaka zingapo, mwachita zazikulu.

Nkhaniyo ndiiyambe bwanji?

Osati usiku umene wabwera akudzandira, pakuti woledzera samva ndipo inunso mtima uli m'mwamba. Osatinso momukhazika pampando ngati mlandu wa kwa amfumu. Ana amamasuka manja akamagwira ntchito, maso ali kwina: mukutong'ola chimanga, mukupita kuchigayo, mukutsuka galimoto. Yambani ndi funso: "Kodi anzako akamaliza mayeso a MSCE amakasangalalira kuti? Akakupatsa botolo, iwe ungayankhe chiyani?" Kenako khalani chete, ayankhe. Akaulula kuti analawapo inu n'kulusa, dziwani kuti ulendo wina sadzakuuzaninso.

Kwathu nkhani zolemera timazisiyira amalume kapena azakhali, ndipo mwambowo ndi wabwino. Koma amalume ali ku Johannesburg, amabwera pa Khirisimasi, pamene shabini ili kuseri kwa nyumba chaka chonse. Nenani nokha, momveka: "Pakhomo pano sumwa mowa, ndipo chifukwa chake ndi ichi."

Akandiyankha kuti, "Nanga inu ababa, si mumamwa?"

Funso limeneli ambiri timaliopa, n'chifukwa chake timalithamangitsa ndi mawu akuti mwana wachita mwano. Si mwano, waona. Muyankheni zoona: ndinu wamkulu, lamulo likukulolani, thupi lanu linakhwima. Koma yankho lotere limagwira pokhapokha ngati zochita zanu zili zoongoka. Bambo amene amatuma mwana kukagula Chibuku, kapena kumulawitsa masese pamaliro anthu n'kumaseka, wamuphunzitsa kale njira, mtengo ndi kukoma kwake. Choipa koposa ndi cha bambo wochoka paukwati atapapira, n'kukweza banja lonse, uku akudzitama kuti "ine ndikamwa m'pamene ndimayendetsa bwino." Mwana wakhala kumbuyoyo akusunga zonse, ndipo tsiku lina adzanena mawu omwewo.

Kodi botolo limodzi kapena awiri angalepheretse munthu kuyendetsa?

Malire a lamulo la pamsewu ku Malawi ndi magalamu 0.08 a mowa pa mamililita 100 a magazi, koma maso ndi miyendo zimayamba kuchedwa munthu asanafike pamenepo, makamaka dalaivala wongophunzira kumene. Galimoto yothamanga makilomita 80 pa ola imayenda mamita 22 pa sekondi imodzi. Kuchedwa sekondi imodzi kuponda buleki, ndiye kuti mwadutsa kale pamene panali wanjinga amene mumafuna kumupewa.

Muuzeninso mwana kuti khofi, kusamba madzi ozizira ndi kutafuna chingamu sizichotsa mowa m'magazi. Ntchitoyo ndi ya chiwindi, ndipo chimatenga pafupifupi ola lathunthu pa botolo limodzi laling'ono. Womwa mpaka tambala woyamba amadzuka akadali woledzera, ngakhale iye akuti ndi matsire chabe.

Ife tilibe galimoto. Zikutikhudza bwanji?

Zikukukhudzani kwambiri, chifukwa ana athu ambiri sayendetsa, amakwezedwa. Bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO limati ngozi zapamsewu ndizo zikupha kwambiri anthu a zaka 5 mpaka 29. Wanu akhoza osalawa n'dontho lomwe, koma n'kukwera kabaza wa munthu amene wangotuluka m'bala, wopanda chisoti, kapena kupanikizana m'galimoto imene mnzake waba makiyi kwa bambo ake. Ngakhale woyenda pansi ataledzera m'mphepete mwa M1 usiku ali pangozi.

Apa pamafunika pangano, osati ulaliki. Muuzeni: "Woyendetsa akakhala kuti wamwa, usakwere. Undiimbire nthawi ina iliyonse, ndidzakutenga kapena ndidzatuma munthu. Zokambirana tidzakambirana mawa." Musiyireni ka ndalama ka thiransipoti ndi mayunitsi. Chovuta ndi kusunga mbali yanu: akaimba pakati pa usiku lilime likulemera, pitani, ndipo m'njira musakalipe.

Nanga akabwera ataledzereratu?

Mugonekeni chammbali, osati chagada, kuti akasanza asatsamwe, ndipo wina akhale naye. Ngati sakudzuka mukamugwedeza, akupuma motalikiza, kapena thupi lazizira, musadikire kuti kuche, thamangirani naye kuchipatala. Chimodzimodzi akadandaula kuti akuona zachimbuuzi atamwa mowa wosadziwika kochokera, pakuti mowa wina umakhala ndi methanol, poizoni amene amachititsa khungu ndiponso amapha. Ngati botolo lilipo, litengeni mukawaonetse adokotala.