Chitoliro ndi zingwe: kodi ndi nyimbo za maliro, za azungu?

Madzulo ena ndinali pa khonde kwathu ku Chiradzulu, dzuwa litapendeka, ndikumvetsera pa foni nyimbo ya Mozart ya chitoliro chimodzi ndi zoimbira za zingwe zitatu. Azakhali anga anatulukira ndi lichero la nandolo, n'kuima, n'kutchera khutu.

"Mwanawe, kodi wamwalira ndani?"

Ndinaseka, koma funso lawolo si lachilendo. Ambirife tikamva vayolini tili kale ndi zomwe timaganiza: maliro, azungu, tulo. Zina mwa zimenezi zili ndi pogwira, zina n'zongomva. Tiyeni tizisende chimodzichimodzi ngati nandolo uja.

"Ndi nyimbo za maliro"

Chifukwa chake n'chomveka. Kwathu kuno chisangalalo chimabwera ndi ng'oma, manja ndi nthungululu. Nyimbo yopanda mawu, yopanda ng'oma, timaiona ngati yakhumata. Komanso m'mafilimu vayolini amalira pomwe munthu akutsazika.

Koma nyimbo imene azakhali anamva, yomwe Mozart anamaliza kulemba pa 25 Disembala 1777 mu mzinda wa Mannheim, ili ndi zigawo zitatu. Choyamba n'chothamanga. Chomaliza n'chodumphadumpha ngati mwana wa mbuzi m'mawa. Chapakati chokha ndicho chachifatse, ndipo n'chachifupi. Beethoven nayenso analemba ya chitoliro, vayolini ndi viyola, yomwe inasindikizidwa mu 1802, ndipo mkati mwake muli gule wa kwawoko wotchedwa minuet. Zinali zosangalatsira anthu madzulo. Ng'oma mulibedi, koma kugunda kulipo: mu ya Mozart ija amasunga ndi chelo, vayolini wamkulu uja woimika pansi, monga momwe babatoni amachitira m'magulu a anyamata a m'midzi.

"Zimafuna khamu la oimba ndi holo ya anthu olemera"

Apa timasokoneza zinthu ziwiri. Pali gulu lalikulu lija la anthu makumimakumi, kutsogolo kuli bambo wogwedeza kamtengo. Ndiye pali mtundu umene tikukambawu, umene dzina lake lenilenilo limatanthauza nyimbo za m'chipinda. Oimba amakhala atatu, anayi kapena asanu, aliyense ndi mbali yakeyake, popanda wowatsogolera. Amayambira pamodzi poona mpweya umene wachitoliro wakoka. Amamvana ndi maso, ndi phewa, ndi kugwedeza mutu.

Amene anaimbapo kwaya, kaya ku PIM ku Mbombwe komwe John Chilembwe anayambitsa mishoni mu 1900, kaya ku Nguludi, kaya ku CCAP ya kumudzi, amadziwa kale kamangidwe kake. Chitoliro ndiye sopulano, vayolini ndi alito, viyola ndi tenala, chelo ndi besi. Kusiyana kwake n'kwakuti pano pa liwu lililonse pali munthu mmodzi yekha, choncho wosokoneza alibe pobisala.

N'zoona kuti ambiri oitanitsa nyimbozi anali opeza bwino. Koma zambiri zinalembedwera anthu oimba mongokonda, m'nyumba zawo, akaweruka ku ntchito. Amene anapempha Mozart kulemba nyimbo ija, Ferdinand Dejean, anali dokotala wa maopaleshoni yemwe chitoliro ankangochikonda. Haydn ali ku London mu 1794 analemba tinyimbo ta zitoliro ziwiri ndi chelo, toti mabwenzi aziimba akachezerana. Kunena mwachidule, ndi macheza a pa khonde, koma a kwa eni ake.

"Kuphatikiza chitoliro ndi zingwe n'kwa azungu"

Apa ndi pomwe timadzimana tokha. Kungodutsa malire a boma lathu kulowa la Blantyre, ku Chileka, m'mudzi wa Singano, kunachokera Daniel Kachamba ndi mng'ono wake Donald. Gulu lawo linali la chitoliro, gitala, besi ya chingwe chimodzi ndi chisekese. Werengani bwino: chitoliro chimodzi pamwamba, zingwe pansi, anthu ochepa, wotsogolera palibe. Ankaimba kwela, mtundu umene unaphuka ku Joni m'zaka za m'ma 1950 ndi anthu monga Spokes Mashiyane, n'kufika kuno kudzera mwa obwerera ku migodi, malekodi ndi wailesi. Katswiri wofufuza za nyimbo wa ku Vienna, Gerhard Kubik, anakumana nawo ku Blantyre mu 1967, ndipo patsogolo pake iye yemwe anadzakhala woimba m'gulu la Donald, nayenda naye m'maiko ambiri. Taonani: munthu wa mu mzinda umene Mozart anakhala ndi kufera anabwera kudzaphunzira kwela ku Chileka.

Zingwe nazonso si zachilendo kwa ife. Kaligo amaimbidwa ndi uta ngati vayolini, ngakhale ali ndi chingwe chimodzi. Bangwe amaimbidwa ndi zala. Ndipo m'chigawo chachifatse chija cha Mozart, oimba atatu aja sagwiritsa ntchito uta ayi: amakoka zingwe ndi chala kuyambira poyamba mpaka pomaliza, chitoliro chikudandaula chokha pamwamba. Khutu lozolowera bangwe silisochera pamenepo.

Ngakhale nyimbo za ku Ulaya zenizenizo sizinakhalepo za khungu limodzi. Joseph Bologne, wodziwika kuti Chevalier de Saint-Georges, anabadwa mu 1745 ku Guadeloupe kwa mayi wachikuda yemwe anali kapolo, ndipo anali mmodzi mwa oyamba ku France kulemba nyimbo za zoimbira za zingwe zinayi. Ku Soweto kuli sukulu ya Buskaid, yomwe kuyambira 1997 yakhala ikuphunzitsa ana a m'makomboni vayolini ndi chelo. Ku Kinshasa kuli gulu la Kimbanguiste lomwe linayamba mu 1994 ndi anthu ambiri odziphunzitsa okha.

Chokhacho chomwe sitingakane n'chakuti vayolini simungamupeze pa msika wa Mbulumbuzi pakati pa tomato ndi kabichi. Ngokwera mtengo, zingwe zake n'zosowa, aphunzitsi ake ndi ochepa. Vuto ndi thumba, osati magazi.

"Chitoliro n'choseweretsa cha ana oweta mbuzi, ndipo Mozart yemwe ankadana nacho"

Chitoliro cha bango kapena nsungwi n'chapafupi kupanga, n'chifukwa chake timachipeputsa. Komatu ndi chimodzi mwa zoimbira zakale kwambiri padziko: m'mapanga a ku Germany anapeza zitoliro za mafupa a mbalame za zaka zoposa 35,000. Cha m'nthawi ya Mozart chinali cha mtengo, cha mabowo a zala 6, chiwerengero chofanana ndi cha kachitoliro kachitsulo ka kwela. Chonyezimira cha mabatani ambiri chimene timaona lero chinakonzedwa ndi Theobald Boehm ku Munich mu 1847.

Nanga za Mozart? N'zoona kuti mu Febuluwale 1778 analembera bambo ake kalata yodandaula kuti zimamuvuta kulembera choimbira chimene sachikonda. Koma tione nthawi yake. Anali mnyamata wa zaka 22, mtima uli pa mtsikana woimba dzina lake Aloysia Weber, ntchito ya Dejean sanaimalize, ndipo m'malo mwa ndalama 200 za kumeneko zomwe anagwirizana analandira 96. Bambo ake anali kumukalipira. Ndani sanapezepo chonamizira ganyu itamukanika? Chaka chomwecho ku Paris analemba nyimbo yaikulu ya chitoliro ndi zeze wa ku Ulaya, ndipo mu 1791, chaka chimene anamwalira, anatulutsa sewero loimba lonena za chitoliro chamatsenga. Mawu a tsiku la mkwiyo si chikhalidwe cha munthu.

"Khanda likamamvera Mozart limakula lanzeru"

Ichi chinabwera ndi magazini ndi intaneti. Gwero lake ndi kafukufuku wa mu 1993 ku California, wotsogozedwa ndi Frances Rauscher. Sanayese makanda ayi, anayesa ophunzira a ku koleji 36. Atamvera Mozart kwa mphindi 10 anachita bwinoko pa mayeso ena a kaganizidwe ka maonekedwe a zinthu, koma phindulo linatha pasanathe mphindi 15. Ofufuza ena pambuyo pake anaona kuti chilichonse chomwe chamusangalatsa munthu n'kumuchangamutsa chimatha kuchita zofananazo. Mayi woimbira mwana ali kumsana sanamane mwanayo kanthu. Chimene chingathe kusula mwana ndi kuphunzira kuimba yekha choimbira, chifukwa chimafuna khama, khutu ndi kumvera anzake.

"Wosadziwa manotsi sangamve kanthu"

Oimba ake amawerengadi zolembedwa, monga akwaya athu amawerengera do, re, mi. Koma womvera safuna pepala. Kuona maso a nkhono n'kudekha. Tengani nyimbo imodzi yaifupi muimve katatu. Ulendo woyamba tsatirani chitoliro. Wachiwiri chisiyeni, mutsate chelo pansi. Wachitatu mverani awiri apakati aja, momwe akulandirira mawu kwa mnzawo n'kumubwezera. Mudzazindikira kuti ndi kuyamba ndi kuvomera, kumene timachita pa mtondo, ku dimba ndi m'tchalitchi.

Azakhali aja sanachoke. Anakhala pa mphasa n'kumasenda nandolo wawo, nyimbo ikupita. Chigawo chachifatse chitafika, manja anaima.

"Uyu wachitoliroyu akudandaula," anatero. "Anzakewo akungomuyankha pang'onopang'ono kuti amalize kaye."

Kenaka chomaliza chija chinadumpha, iwo n'kuseka, phazi likugunda pansi.

"Aa, ndiye amupepesa. Tabwezera pomwe amadandaula paja, mwanawe, ndimvetsetse mlandu wake."