Chilumba cha Sant'Erasmo: Dimba la Mzinda wa Venice

Mzinda wa Venice, m'dziko la Italy, unamangidwa pamadzi ndipo ulibe minda. Kwa zaka mazana ambiri, zina mwa ndiwo zamasamba za pa msika wa Rialto mumzindamo zakhala zikuchokera pa chilumba chapafupi cha Sant'Erasmo. Chilumbachi ndi cha mahekitala opitirira pang'ono 300, anthu ake sakwana 1,000, ndipo zokolola zimapita ku msika pa bwato.

Vuto lalikulu la alimi kumeneko ndi madzi amchere. Malowo ndi otsika, nthaka yambiri ndi yadongo, ndipo nyanja imakwera ndi kutsika kawiri patsiku. Pa chifukwa ichi, minda inadulidwa ndi ngalande zokhala ndi zitseko potulukira madzi. Nyanja ikatsika amatsegula kuti madzi a mvula achoke m'munda. Ikayamba kukwera amatseka kuti mchere usalowe. Ngalande ikakwiririka kapena chitseko chikawonongeka, savutika mwini munda yekha, anzake oyandikana naye amavutikanso. Alangizi ogwira ntchito m'madimba a m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, yomwe madzi ake ali ndi mchere, akudziwa kuvuta kwake kotsitsimutsa nthaka yotere.

Ngakhale zili choncho, pali madzi ena osatsekeka ndi zitseko za m'munda. Pa 4 November 1966 nyanja inakwera masentimita 194 ku Venice, ndipo pa 12 November 2019 inafika pa 187. Kuyambira mu 2020, zotchinga zikuluzikulu zotchedwa MOSE zimadzutsidwa polowera madzi nyanja ikakwera kwambiri.

Mbewu yotchuka pachilumbapo ndi artichoke wofiirira, chomera chimene amadya duwa lake lisanamasule. Chimapirira mchere pang'ono, koma chofunika kuchiwonetsetsa ndi kagulitsidwe kake. Duwa loyamba la pansonga, lotchedwa castraura, amalidula mu April lili lanthete. Limakhala limodzi pa chomera, limapezeka masiku owerengeka, choncho mtengo wake ndi wokwera. Kulidula kumachititsa kuti nthambi za m'mbali zibereke maluwa ena, otchedwa botoli, omwe amagulitsidwa motsikirapo. Ena amasungidwa m'mabotolo a mafuta.

Motero chomera chimodzi chimapita ku msika kangapo, ulendo uliwonse ndi dzina lake ndi mtengo wake. Kwa mlimi wa malo ochepa, amenenso sangathe kupikisana pa kuchuluka ndi ndiwo zobwera pa galimoto kuchokera kumtunda, uku ndi kumene kuli phindu. Pokambirana ndi alimi a m'madimba oyandikana ndi tawuni, alangizi afunse kuti ndi mbewu iti imene ingagawidwe chonchi pokolola.