Zinthu 8 Zodabwitsa Zokhudza Mabanki ndi Ufulu Wachibadwidwe

Banki ikapereka mabulangete kuchipatala kapena ikathandiza mpikisano wa mpira, zithunzi zimadzaza nyuzipepala. Zimenezo n'zabwino ndithu, koma udindo waukulu wa banki pa ufulu wa anthu uli pa ntchito yake ya tsiku ndi tsiku: yemwe ikumukongoza ndalama, chimene ndalamazo zikukachita kumudzi, ndiponso mmene ikulandirira munthu amene waima pamzere ku Old Town kapena ku City Centre mumzinda wa Lilongwe. Nazi zinthu zisanu ndi zitatu zimene ambiri mwa ife osunga ndalama kubanki sitizidziwa.

1. Malamulo a Malawi adatsogolera United Nations ndi zaka 17

Ndime 15 ya malamulo aakulu oyendetsera dziko lino a mu 1994 imalamula boma, Nyumba ya Malamulo ndi makhoti kulemekeza ufulu wachibadwidwe. Imapitiriranso kunena kuti munthu aliyense ndi kampani iliyonse ali ndi udindo womwewo pa zimene zikuwakhudza, ndipo banki ndi kampani. Bungwe la United Nations lidavomereza mfundo zake 31 zokhudza bizinesi ndi ufulu wa anthu mu Juni 2011, motsogozedwa ndi Pulofesa John Ruggie. Mfundozo zili pa nsanamira zitatu: boma liteteze anthu, kampani iwalemekeze, ndipo wolakwiridwa apeze kodandaula ndi chipukutamisozi. Choncho Mmalawi akamafunsa banki za ufulu wake, akufunsa zimene malamulo a dziko lake adamupatsa kale.

2. Ana asukulu adagwedeza banki ya Barclays

National Bank of Malawi idabadwa mu 1971 pamene nthambi za Barclays ndi za Standard Bank m'dziko muno zidaphatikizidwa. Barclays yomweyo inali banki yaikulu ku South Africa m'nthawi ya tsankho. Ophunzira a m'mayunivesite a ku Britain adagwirizana kuti asamatsegule akaunti kumeneko, ndipo adapirira kwa zaka zoposa 15. Mu Novembala 1986 Barclays idagulitsa gawo lake ku South Africa, ndipo banki yotsalayo ndi imene Amalawi a ku Joni amaidziwa lero kuti FNB. Wophunzira mmodzi analibe ndalama zoti banki n'kuziopa, koma mutu umodzi susenza denga: atachuluka, banki idamva.

3. Pali pangano loletsa kukongoza ntchito zozunza anthu

Mu Juni 2003 mabanki 10 adakhazikitsa pangano lotchedwa Equator Principles. Banki yosayina imalonjeza kuti isanakongoze ndalama zomangira damu, mgodi kapena malo opangira magetsi, iyamba yaona kafukufuku wa mmene ntchitoyo ikhudzire anthu ndi chilengedwe, itsimikiza kuti eni malo afunsidwa, ndiponso kuti pali njira yoperekera madandaulo. Standard Bank Group, mwini wamkulu wa Standard Bank imene likulu lake lili ku City Centre, idalowa m'panganoli mu 2009. Komabe panganoli ndi lodzifunira, ndipo limagwira makamaka ntchito za madola 10 miliyoni kapena kuposerapo. Ngongole zambiri za m'Malawi, monga za esiteti, za kwale yophwanya miyala kapena za malole, sizifika pamenepo, ndiye zimadalira malamulo a dziko ndi chikumbumtima cha banki yokha.

4. Anthu a ku Diamphwe adamvedwa mpaka ku World Bank

Madzi a m'mipopi ya ku Area 10, Area 43 ndi Area 47 amachokera m'madamu a Kamuzu ku Malingunde, ndipo mzinda ukukula mofulumira kuposa madziwo. N'chifukwa chake padakonzedwa zomanga damu lalikulu pamtsinje wa Diamphwe, m'malire a Lilongwe ndi Dedza, mothandizidwa ndi World Bank ndi mabanki ena a chitukuko. Anthu zikwizikwi akadataya minda, madimba ndi nyumba. Mu 2016 anthu a kumeneko, mothandizidwa ndi mabungwe a Citizens for Justice ndi International Accountability Project, adachita kafukufuku wawowawo, nalembera mabankiwo kuti sadafunsidwe mokwanira ndipo za chipukutamisozi sizikumveka. World Bank idadzachoka pa ntchito ya damulo, ndipo ndalama zimene idavomereza mu Disembala 2017 zinali zokonzera mapaipi a madzi ndi zaukhondo mumzinda. Vuto la madzi ku Lilongwe likadalipo ndipo liyenera kuthetsedwa, koma wokhala kumayadi ayenera kudziwa kuti mpopi wake uli ndi mtengo umene wina kumudzi angaulipire ndi munda wa makolo ake.

5. Banki ina idabweza phindu lake kwa alimi olandidwa minda

Mu 2011 banki ya ANZ ya ku Australia, kudzera m'nthambi yake ya ku Cambodia, idakongoza kampani ya shuga ya Phnom Penh Sugar, imene minda yake ya nzimbe idakhala pamalo olandidwa kwa alimi. Mu 2014 mabanja 681 adakadandaula ku ofesi ya boma la Australia yoona za khalidwe la makampani. Mlanduwo udatenga nthawi, koma mu Febuluwale 2020 ANZ idavomera kupereka kwa mabanjawo phindu limene idapeza pangongoleyo. Banki sidagwetse nyumba ya munthu, komabe idavomereza kuti sidafufuze mokwanira isanatulutse ndalama. Nkhaniyi ndi yofunika kwathu kuno, kumene mikangano ya malo ozungulira minda ya nzimbe ku Dwangwa ndi ku Chikwawa siisowa.

6. Ndalama za Cashgate zidadutsa pakauntala

Mu 2013 dziko lidadzidzimuka kumva kuti ku Capital Hill kunkalembedwa macheke olipira makampani amene sadagulitse chilichonse kuboma. Akatswiri owerengera ndalama a Baker Tilly adapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zidasokonekera pakati pa Epulo ndi Sepitembala chaka chimenecho. Cheke sichisanduka ndalama za m'buti ya galimoto chisanadutse kubanki. Maiko othandiza adaimitsa thandizo lawo la bajeti, ndipo amene adamva kuwawa ndi odwala m'zipatala zosowa mankhwala ndi ana m'sukulu zosowa mabuku. Mu 2017 padabwera lamulo la Financial Crimes Act limene lidakhazikitsa Financial Intelligence Authority. Wogwira ntchito kubanki akakufunsani kumene ndalama zambiri zachokera, musakwiye: funso limenelo limateteza mankhwala a m'zipatala za Kamuzu Central ndi Bwaila.

7. Kumsasa wa Dzaleka kuli nthambi ya banki

Chiyambire kalembera wa unzika wa mu 2017, chitupa cha unzika ndicho kiyi wotsegulira akaunti. Nanga wothawa kwawo, amene alibe chitupacho, asunge kuti ndalama zake? Mu Epulo 2018 New Finance Bank idatsegula nthambi mkati mwa msasa wa Dzaleka ku Dowa, ikulandira zitupa za othawa kwawo, ndipo idatchuka monga nthambi yoyamba ya banki m'msasa wotere. Bankiyo idadzatchedwa MyBucks, ndipo lero ndi Centenary Bank. Anthu ochokera ku Congo, Burundi ndi Rwanda adayamba kusunga ndalama ndi kutenga ngongole za mabizinesi. Funso lomwelo liyenera kufunsidwa m'nthambi iliyonse mumzinda muno: kodi woyenda panjinga ya aulumali angalowe pakhomo, ndipo wosaona angathandizidwe popanda kuuza mlendo nambala yake yachinsinsi?

8. Fodya wa ku Kanengo amayenda ndi ngongole za banki

Feteleza, mbewu ndi kugula fodya kuokushoni ya ku Kanengo zimadalira kwambiri ngongole. Pa 1 Novembala 2019 dziko la United States lidalamula kuti fodya wa ku Malawi azigwidwa pachipata, ponena kuti amalimidwa pogwiritsa ntchito ana ndi anthu okakamizidwa. Makampani ena adaloledwanso atasonyeza mmene akulimbanira ndi mchitidwewo, ndipo mu 2021 Nyumba ya Malamulo idathetsa utenanti. Apa zidaonekeratu kuti mwana wochotsedwa m'kalasi kukasoka fodya angagwetse msika, ndipo msika ukagwa ngongole siibwezedwa. Banki imene imafunsa za chikole chokha, osafunsa yemwe akugwira ntchito m'mundamo, ikuika pangozi ana a eni ake pamodzi ndi ndalama za osunga. Ndalama zimene banki imakongoza ndi zathu, choncho tili ndi ufulu wofunsa. Dandaulo liyambire kunthambi, polemba kalata. Likakanika, lipite kwa Registrar of Financial Institutions, amene ndi Gavanala wa Reserve Bank ku City Centre, ndipo ngati nkhaniyo ikukhudza ufulu wa munthu, khomo la Malawi Human Rights Commission nalo ndi lotsegula.