Mawu akuti "disturb" sanena za phokoso lokha

Ana ambiri kuno ku Milange amayamba kumva mawu akuti "disturb" asanakumane nawo m'buku. Amawamva pa wailesi za ku Malawi komanso kwa amalonda odutsa pachipata cha Muloza. Koma tanthauzo limene amatola ndi limodzi: kusokoneza munthu amene ali pantchito kapena amene wagona.

Tanthauzo lachiwiri ndi limene limawagwetsa powerenga. Lembani pabolodi chiganizo ichi: "The pictures from Mulanje were disturbing." Auzeni kuti zithunzizo ndi za namondwe wa Freddy wa m'mwezi wa Malichi 2023, kenako muwafunse ngati chithunzi chimachita phokoso. Ayankha okha kuti ayi. Zithunzizo zinasautsa mtima, zinasowetsa anthu mtendere. Si mantha othawa nawo, komanso si mkwiyo. Ndi kuja munthu wagona koma maganizo akungobwerera pa zimene waona.

Chipwitikizi chithandiza pang'ono. "Perturbar" amanyamula matanthauzo onse awiri, koma samalani ndi "distúrbio". Mawuwa amamveka ngati "disturb", ndipo mwana amene anawamva pa nkhani za zipolowe angaganize kuti chiganizo chija chikukamba za ndewu.

Pamene pamavuta kwambiri ndi pa "disturbing" ndi "disturbed", ndipo apa Chichewa chimalongosola bwino kuposa lamulo loloweza pamtima. Timati kuda nkhawa, timatinso kudetsa nkhawa. Kachidutswa ka -ets- kamasonyeza chimene chachititsa. Choncho nkhani yodetsa nkhawa ndi "disturbing news", pomwe munthu amene wada nayo nkhawa ndiye ali "disturbed". Mwana akalemba kuti "I am disturbing", musathamangire cholembera chofiira. Mufunseni m'Chichewa kuti, "Iwe wada nkhawa kapena wadetsa nkhawa?" Nthawi zambiri amakonza yekha, mwina akuseka.

Pali chenjezo limodzi loti anawo alimve msanga. Kunena kuti "My uncle is disturbed" n'kusiyira pomwepo kungamveke ngati amalumewo mutu sukuyenda bwino, ndipo mwana angatukwane wachibale mosadziwa. Azolowetseni kutchula chimene chawasautsa pogwiritsa ntchito "by", monga "My uncle was disturbed by the news from Quelimane."