Bambo Ali ku Joni, Ana Ali Pakhomo

Pa Misa ya Lamulungu m'maparishi athu timaona amayi ambiri ali ndi ana okha, wina kumsana, wina pamwendo. Tikafunsa za bambo, yankho limakhala lakuti ali ku Joni, ali kunyanja kapena ali ku esiteti ya fodya. Zimenezi sizinayambe lero. Agogo athu ankapita ku migodi kudzera ku Wenela, ndipo ndege ina itagwa ku Francistown mu 1974 n'kupha Amalawi oposa 70, boma lidayamba laimitsa maulendowo. Koma iwo ankanyamuka ndi kontirakiti yotchula nthawi yobwerera. Lero munthu amakwera basi osadziwa chaka chomwe adzaonenso ana ake, ndipo nthawi zina wopitayo amakhala mayi.

Mpingo suletsa ulendo wotere. Lamulo la Mpingo nambala 1151 limaphunzitsa kuti mwamuna ndi mkazi ali ndi udindo komanso ufulu wokhalira limodzi, pokhapokha patakhala chifukwa chomveka. Kufunafuna chakudya cha ana ndi chifukwa chomveka. Funso limene ife akatekisiti tiyenera kufunsa banja ulendo usanachitike ndi ili: kodi mwagwirizana nonse awiri, ndipo mwapangana za nthawi yobwerera? Ankhoswe adziwenso panganolo.

Wotsala pakhomo ndiye amasenza katundu wolemera. Mwana akatentha thupi usiku, amathamanga yekha kuchipatala. Kumunda, kusikelo, kumsonkhano wa makolo, kumaliro, konse amayembekezeka iye. Ndalama zikachedwa, ana safunsa za ntchito ya ku Johannesburg, amafunsa phala. Pamwamba pa zonsezi pali pakamwa pa anthu, ndipo tivomereze kuti miseche ina imayambira pabwalo la tchalitchi pomwe. Mayi akavala chitenje chatsopano, tayamba kunong'ona. Akapanda kuvala, tikuti mwamuna wamtaya.

Ana aang'ono sadziwa kuwerenga miyezi. Amangoona kuti mpando wa bambo ulibe munthu. Nchifukwa chake si bwino kuwanamiza kuti "abwera mawa", kapena kuwaopseza kuti bambo akadzabwera adzawakwapula. Tiwauze zoona m'mawu oti amve. Dzina la wapaulendo lizitchulidwa pa pemphero la madzulo, ngakhale litakhala gawo limodzi lokha la Korona ana asanaodzere. Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican udatcha banja Mpingo wa m'nyumba, ndipo mpingo umenewu sutsekedwa chifukwa mmodzi wachoka. Wapaulendo naye aziimba foni pa tsiku lodziwika, alankhule ndi mwana aliyense, osati kungofunsa ngati ndalama zafika.

M'buku la Tobiti timawerenga za Ana, mayi wa Tobiya, amene tsiku ndi tsiku ankatuluka kukayang'ana njira imene mwana wake adadzera. Amayi otere alipo m'miphakati yathu. Mphakati ungathe kuwapalirira munda tsiku limodzi, kuperekeza ana ku Tilitonse, kapena kukhala ndi ana pamene mayi ali kuchipatala. Okacheza azipita awiri kapena atatu, masana, kuti chifundo chisabale mbiri yoipa.

Kubwerera nako kuli ndi zovuta zake. Mwana amene adasiyidwa akukwawa angathe kubisala kumbuyo kwa mayi ake poona bambo. Bambo asakhumudwe, asathamangirenso kusintha malamulo a pakhomo sabata yoyamba. Ayambe wamva kwa mkazi wake momwe banja lakhala likuyendera.