Maina ndi Miyala ya ku Gleann Cholm Cille

Anzanga, kodi mtundu wa anthu umasunga kuti mbiri yake ngati mabuku ali osowa? Tiyeni tione m'mene anacitira anthu a parishi ina ya m'mbali mwa nyanja ya Atlantic, m'boma la Donegal ku Ireland.

Dzina la parishiyi ndi Gleann Cholm Cille, ndiko kunena kuti Cigwa ca Colm Cille. Iyeyu anali mmonke wa ku Donegal komweko amene anaolokera ku cisumbu ca Iona m'caka ca 563, namwalira konko mu 597. Makolo a m'cigwamo amasimba kuti iye anapitikitsamo ziwanda.

M'minda ndi m'mphepete mwa miseu muli miyala yoimiritsidwa, yojambulidwa mitanda yokhala ndi mizere yozungulira, ndipo yakhalapo zaka zoposa 1,000. Caka ndi caka pa 9 June, tsiku lokumbukira Colm Cille, anthu amayenda ulendo wa mapemphero wochedwa Turas, naima pa malo 15. Ena amayenda opanda nsapato. Mwala wina uli ndi ciboo coti munthu nkusuzumirapo. Ulendowu umayambira pa manda a miyala amene anamangidwa Cikhristu cisanafike, motero cakale ndi catsopano ziri panjira imodzi.

Maina a malo nawonso amalankhula m'cinenero ca eni dziko. An Charraig ndi thanthwe. An Caiseal ndi linga la miyala. Málainn Mhóir ndi Málainn Bhig ndi midzi iwiri, Málainn wamkuru ndi Málainn wamng'ono.

Koma pakati pa 1824 ndi 1846 boma la Britain linajambula mapu a Ireland yense, ndipo maina ambiri analembedwa m'kalembedwe ka Cingerezi. An Charraig anasanduka Carrick, An Caiseal nakhala Cashel. Kamvekedwe kanatsalako, koma mwana wodziwa Cingerezi cokha sangaonemo thanthwe kapena linga. Kuyambira 2005 lamulo la Ireland linabwezera ulemu ku maina enieniwo m'madera amene cinenero ca makolo cikulankhulidwabe.

Mwala supita kwina, koma dzina limafa pamene anthu aleka kulimva. Tsono anzanga, tikapita kwathu pa chuthi, tifunse agogo tanthauzo la dzina la mudzi wathu, la dambo ndi la phiri, ndipo tilembe bwino m'kope. Mau a akuruakuru akoma akagonera.